Mapiritsi a khansa ya m'mapapo anagwira ntchito kenako n'kusiya: kodi thupi lazolowera?

Funso

Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 61 ndipo chibadwire sanasutepo fodya. Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Pa pepala la zotsatira panalembedwa kuti chotupacho chili ndi vuto pa EGFR, choncho anawapatsa mapiritsi a gefitinib, limodzi patsiku. Zinthu zinasintha mofulumira: chifuwa chinachepa, anayambanso kudya ndi kuyenda okha. Tsopano patha miyezi 11 ndipo sikani ikuonetsa kuti chotupa chayambiranso kukula. Kodi EGFR n'chiyani? Kodi thupi lawo lazolowera mankhwala? Ndipo poti ndinamva kuti vutoli lili m'majini, kodi ine ndi ana anga tili pangozi?

Yankho

Achemwali, pepani ndi matenda a amayi. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, poti ndi limene limasocheretsa mabanja ambiri. Thupi la amayi silinazolowere mankhwala ayi, ndipo kumwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi kungangowonjezera kutsegula m'mimba popanda phindu lililonse. Chimene chasintha ndi chotupacho. M'kati mwake mwachuluka maselo a mtundu wina amene gefitinib sakuwakhudza, ndipo chithandizo chotsatira chidalira pa kudziwa kuti maselowo asintha pati penipeni. Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kubwerera kwa Stanley Cohen, munthu amene anatulukira EGFR, yemwe poyamba za khansa sizinali m'mutu mwake n'komwe.

Selo labwinobwino siligawikana palokha. Limadikira kuuzidwa. Ogwira ntchito m'labotale amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku: mukaika maselo a pakhungu m'kambale, n'kuwapatsa shuga, mchere, mavitamini ndi zakudya zonse, amangokhala phee, amoyo koma osachulukana. Mukathiramo timadzi tachikasu timene timatsala magazi akaundana, maselo aja amadzuka, ndipo pakutha pa tsiku limodzi ambiri amakhala ayamba kugawikana. Chakudya chinalipo kale. Chimene chinkasowa ndi chilolezo, ndipo chilolezocho chimabwera ndi timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma growth factor. Mukadzicheka ndi mpeni, ma platelet a m'magazi amene amatseka balalo amatulutsa imodzi mwa izo, PDGF, ndipo maselo ozungulira balalo amayamba kuchulukana mpaka mnofu utalumikizana. Uthengawo ukatha, nawonso amaleka.

Woyamba kugwira puloteni ya mtundu umenewu anali Rita Levi-Montalcini, dokotala wa ku Turin m'dziko la Italy. M'chaka cha 1938 malamulo a boma la Mussolini anachotsa Ayuda m'mayunivesite, ndipo iye, pokhala Myuda, anapitiriza kafukufuku wake m'chipinda chake chogona, akuunika anapiye amene akadali m'dzira. Nkhondo itatha anapita ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, kukagwira ntchito ndi Viktor Hamburger. Kumeneko anaona kuti akaika kachidutswa ka chotupa cha mbewa m'dzira lokhala ndi mwanapiye, mitsempha yonyamula mauthenga ya mwanapiyeyo imakula mopitirira muyezo, ngakhale chotupacho chitaikidwa patali. Zinali zoonekeratu kuti chotupacho chikutulutsa kanthu kena kamene kakuyenda ndi magazi.

Kuti akapeze kanthuko anafunika katswiri wa makemikolo a m'thupi, ndipo mu 1953 kunabwera Stanley Cohen, mnyamata wobadwira ku Brooklyn mu 1922. Cohen ankafuna kudziwa ngati kanthuko ndi puloteni kapena ndi ka m'gulu la DNA, ndiye anathiramo poizoni wa njoka pang'ono, chifukwa muli mankhwala amene amaduladula zinthu za m'gulu la DNA. Mitsempha m'malo mosiya kukula inakula kwambiri kuposa kale. Poizoniyo ndi amene anali wodzaza ndi chinthu chimene ankachifunacho. Poganiza kuti poizoni wa njoka amachokera m'ziwalo zofanana ndi zopanga malovu, anayesa ziwalo zopanga malovu za mbewa zazimuna, n'kupezamo chinthucho chochuluka zedi. Imeneyi ndiyo NGF, yokulitsa mitsempha.

Chimene ine chimandigometsa ndi zimene zinatsatira. Cohen akabaya tiana ta mbewa tongobadwa kumene ndi madzi a m'ziwalo zija asanawayeretse bwino, tinkaphenyula maso msanga. Kamwana ka mbewa kamabadwa kotsinzina ndipo kamatsegula maso patapita masiku 12 mpaka 14. Tobayidwato tinkatsegula cha m'ma tsiku la 7, mano nawonso n'kumera nthawi isanakwane. NGF yoyeretsedwa bwino sinkachita zimenezi. Wina akanangoti ndi litsiro la m'madzimo n'kupitiriza ntchito imene anamulembera. Cohen anasamukira ku Vanderbilt University ku Nashville mu 1959 atanyamula funso limenelo, ndipo chipangizo chake choyezera chinali maso a tiana ta mbewa basi. Ankagawa madziwo m'magawo, kubaya gawo lililonse tsiku ndi tsiku, n'kudikira sabata yathunthu kuti aone timene tatsegula maso. Gawo limene lagwira ntchito ankaligawanso, n'kuyambiranso. Mu 1962 anafalitsa kuti waipeza puloteniyo. Ataunika zikopezo pa maikulosikopu anapeza kuti khungu lake lakhuthala ndi kukhwima msanga chifukwa maselo ake achulukana, ndipo puloteniyo inatchedwa epidermal growth factor, mwachidule EGF. Ndi kakang'ono kwambiri: kali ndi tizidutswa 53 tokha ta amino acid, timene timalumikizana kupanga puloteni. Mu 1975 zinadziwika kuti anthufe tili nayonso, ndipo inapezeka mumkodzo.

Tsono kapuloteni kamene kali kunja kwa selo kamauza bwanji za m'kati kuti zigawikane? Cohen ndi mnzake Graham Carpenter anadinda EGF ndi ayodini wotulutsa cheza kuti azitha kuilondola, n'kuona kuti imakakamira pa puloteni ina yaikulu imene ili pachikopa cha selo. Puloteni yolandira uthengayi ndiyo receptor ya EGF, EGFR imene yalembedwa pa pepala la amayi. Imaboola chikopa cha selo: mutu wake uli kunja kudikira EGF, mchira wake uli m'kati. Kuti aipeze yochuluka anagwiritsa ntchito maselo a khansa otchedwa A431, amene lililonse lili ndi ma receptor pafupifupi 2 miliyoni, pamene selo wamba limakhala ndi masauzande makumi angapo. Mu 1978 anapeza kuti EGF ikafika, mchira uja umayamba kutenga phosphate, kachidutswa kakang'ono, kuchokera ku ATP, kanthu kamene selo limasungiramo mphamvu, n'kumaimata pa mapuloteni. Puloteni yogwira ntchito yotereyi imatchedwa kinase.

Apa pali kankhani kamene ofufuza amakonda kukambirana. Cohen poyamba anaganiza kuti phosphate ikumatidwa pa amino acid yotchedwa threonine, chifukwa pa nthawiyo aliyense ankadziwa kuti imamatidwa pa serine kapena threonine basi. Mu 1979 Tony Hunter wa ku Salk Institute ku California anayesa puloteni ina ya vayirasi pogwiritsa ntchito madzi a mankhwala akale amene sanawasinthe, asidi wake atasintha pang'ono. Kusinthako kunalekanitsa madontho awiri amene nthawi zonse ankaunjikana pamodzi papepala loyezera, ndipo dontho latsopanolo linali tyrosine. Cohen anabwerezanso kuyeza kwake, ndipo mu 1980 anatsimikiza kuti EGFR nayo imamata phosphate pa tyrosine. Lero tikudziwa ma receptor 58 a mtundu umenewu mwa munthu, ndipo mankhwala ambiri atsopano a khansa amalimbana ndi amenewa. Cohen ndi Levi-Montalcini analandira mphoto ya Nobel mu 1986.

Ulendo wa uthengawo umayenda chonchi. EGF ikakakamira, ma receptor awiri amagwirana, ndipo wina amadzutsa mnzake. Michira yawo imadzimata phosphate m'malo angapo, ndipo malo amenewo amakoka mapuloteni ena a m'kati mwa selo. Awa amadzutsa RAS, RAS n'kudzutsa RAF, RAF n'kudzutsa MEK, MEK n'kudzutsa ERK, ndipo ERK imalowa pakati pa selo pamene pali DNA n'kutsegula majini oyambitsa kugawikana. Nthambi ina, yodutsa pa PI3K ndi AKT, imauza selo kuti lisafe. Mayinawa musavutike nawo kuwaloweza. Chofunika ndi chakuti uthenga umapatsiridwa kuchokera kunja kupita m'kati, ndipo selo labwino limauzimitsa msanga. Receptor imene yalandira EGF imamezedwa ndi selo n'kuphwanyidwa, zimenenso Carpenter ndi Cohen anaziona. Mapuloteni ena amachotsa phosphate uja. RAS imadzizimitsa yokha pakapita kanthawi. Kuzimitsaku n'kofunika mofanana ndi kuyatsa, ndipo khansa zambiri zimayamba pamene kwalephereka.

Kugwirizana kwa zonsezi ndi khansa kunaonekera poyera mu 1984 ku London. Julian Downward, yemwe anali wophunzira m'labotale ya Michael Waterfield, anawerenga ndondomeko ya tizidutswa ta EGFR n'kuiyerekeza pa kompyuta ndi mapuloteni odziwika kale. Inafanana pafupifupi ndendende ndi puloteni ya jini yotchedwa v-erbB, ya vayirasi yoyambitsa khansa ya m'magazi mwa nkhuku. Kusiyana kwake kunali kwakuti ya vayirasiyo inalibe mutu wakunja uja. Inali EGFR yodulidwa mutu, yosatha kumva EGF, koma mchira wake ukutumiza uthenga usana ndi usiku. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake zinali zitapezekanso kuti jini ina ya vayirasi yoyambitsa khansa, v-sis, ndi PDGF yomwe ija yopoletsa mabala. Kuyambira pamenepo ofufuza ma growth factor ndi ofufuza khansa anazindikira kuti akukumba dzenje limodzi.

Selo la khansa likhoza kubera chilolezocho m'njira zosiyanasiyana. Lina limadzipangira lokha growth factor n'kumadziuza lokha kuti likule, monga mmene Michael Sporn ndi George Todaro anafotokozera mu 1980. Lina limachulukitsa ma receptor mpaka kugwirana okha popanda wowauza. Ndi zimene zimachitika ndi HER2, m'bale wake wa EGFR, pa amayi 15 mpaka 20 mwa 100 alionse odwala khansa ya m'mawere, ndipo mankhwala ake a trastuzumab anavomerezedwa mu 1998. Koma chotupa cha amayi anu chinatenga njira ina. Jini ya EGFR inasintha pamalo amene amapanga mchira, kotero kuti kinase imakhala yoyaka nthawi zonse, EGF ilipo kapena palibe. Kusintha kumeneku, pa odwala pafupifupi 9 mwa 10 amene ali nako, kumakhala kwa mitundu iwiri: kuthothoka kwa tizidutswa tingapo pa gawo lotchedwa exon 19, kapena kulowana m'malo kwa amino acid imodzi pa nambala 858, kumene kumalembedwa L858R. Onani pa pepala lija, mwina mupezapo chimodzi mwa ziwirizi. Choncho vuto si lakuti m'thupi mwa amayi muli EGF yambiri, ndipo palibe chakudya chimene akanapewa kuti aichepetse.

Gefitinib ndi mnzake erlotinib ndi timankhwala tating'ono timene timalowa m'selo n'kukhala m'kathumba ka kinase momwe mumayenera kulowa ATP. ATP ikasowa polowa, phosphate samatidwa, ndipo uthenga umathera pomwepo. Mbiri ya mankhwalawa ndi yophunzitsa. Gefitinib atayamba kuperekedwa, cha m'ma 2002 ndi 2003, ankapatsidwa kwa aliyense wodwala khansa ya m'mapapo, ndipo zotsatira zake zinakhumudwitsa: ambiri sanathandizike. Koma wodwala mmodzi mwa 10 kapena kuposerapo pang'ono ankachira modabwitsa, wina wofika pogona ndi mpweya wa m'botolo n'kudzuka m'masabata ochepa. Madokotala anaona kuti ambiri mwa amenewa ndi azimayi, osasuta fodya, ndiponso anthu a kum'mawa kwa Asia. Mu 2004 magulu awiri a ofufuza a ku Boston, kenako lina la ku New York, anawerenga jini ya EGFR m'zotupa za odwalawo. Gulu la Thomas Lynch ndi Daniel Haber linapeza kuti mwa odwala 9 amene mankhwala anawagwira, 8 anali ndi EGFR yosinthika, pamene mwa 7 amene sanawagwire munalibe ngakhale mmodzi. Mankhwala anali abwino kuyambira kale, koma ankapatsidwa kwa anthu olakwika. Mu 2009 kafukufuku wamkulu wa ku Asia wotchedwa IPASS, wotsogoleredwa ndi Tony Mok wa ku Hong Kong, anasonyeza kuti kwa amene ali ndi kusinthaku gefitinib amaposa chemotherapy pochedwetsa matenda, koma kwa amene alibe, chemotherapy ndi imene imaposa. N'chifukwa chake amayi anayamba ayezedwa kaye asanapatsidwe mapiritsi. Ku Ulaya ndi ku America kusinthaku kumapezeka pa odwala 10 mpaka 15 mwa 100 a khansa ya m'mapapo ya mtundu wa adenocarcinoma, pamene kum'mawa kwa Asia amafika pafupifupi theka.

Chifukwa chimene amayi anapezera bwino mwachangu n'chakuti maselo a chotupacho anali atatsamira pa EGFR ndi thupi lonse. Uthenga wakuti asafe unkachokera kumeneko kokha, ndiye utadulidwa anafa mwaunyinji. Maselo abwino amadalira njira zambiri, choncho amapirira, ngakhale kuti khungu ndi matumbo, zimene zimagwiritsa ntchito EGFR kwambiri, zimadandaula. Ziphuphu za kumaso ndi pachifuwa, kuuma kwa khungu, zilonda za m'mbali mwa zikhadabo ndi kutsegula m'mimba, ngati amayi anakumana nazo, ndi umboni woti mankhwala akufika pamene anatumidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani chotupa chabwerera? Ngakhale chotupa chaching'ono chimakhala ndi maselo mamiliyoni mazanamazana, ndipo si ofanana onse. Nthawi iliyonse selo likamagawikana limakopera DNA yake, ndipo pokopera pamalakwika zina. Mwa maselo ochuluka chonchi, pamapezeka ochepa amene mwangozi ali ndi kusintha kowateteza ku mankhwala, ena anali nako mapiritsi asanayambe, ena anakupeza pamene ankapulumuka movutikira m'miyezi ya chithandizo. Gefitinib anapha anzawo ambiri n'kuwasiyira malo. Chimene sikani ikuonetsa lero ndi zidzukulu za opulumuka aja. Miyezi 11 ya amayi si yachilendo: pa mankhwala amenewa odwala ambiri matenda amayambiranso pakati pa miyezi 9 ndi 13.

Pa odwala oposa theka, kusintha kwatsopanoku kumakhala pa EGFR pomwepo. Kunapezeka mu 2005 ndipo kumalembedwa T790M: pa nambala 790, pakhomo penipeni pa kathumba kaja, threonine walowedwa m'malo ndi methionine. Kathumbako kamayamba kugwira ATP mwamphamvu kwambiri, moti gefitinib amagonja pa mpikisano wolowamo. Amino acid imodzi yokha mwa zoposa 1,000. Pa odwala ena EGFR imakhala yotsekeka bwinobwino, koma selo lachulukitsa receptor ina, makamaka MET, nthawi zina HER2, imene imatumiza uthenga womwewo kudzera pa mapuloteni omwe aja. Za MET zinafotokozedwa mu 2007. Pa ochepa, maselo amasinthiratu mtundu n'kukhala khansa yotchedwa small cell, imene EGFR sailabadira n'komwe.

Taganizani za babu, waya ndi switchi ya pakhoma. EGF ndi chala, EGFR ndi switchi, RAS ndi anzake ndi waya, ndipo kuyaka kwa babu ndiko kugawikana kwa selo. Mwa amayi switchi inakanirira poyaka, ndipo gefitinib anaikankhira pozima. T790M ndi switchi yomweyo itasintha kapangidwe moti chokankhira chakale chikuterereka. Mukufunika chokankhira china, koma malo ake ndi omwewo. MET ndi switchi yachiwiri imene yalumikizidwa pa waya yemweyo. Yoyamba muizimitse bwanji, babu liyakabe. Ndipo waya akalumikizidwa mwachindunji kupitirira switchi, kulimbana ndi switchi n'kutaya nthawi. Chomalizachi ndi chimene chimachitika RAS ikasintha. Pa khansa ya m'matumbo aakulu, odwala pafupifupi 40 mwa 100 ali ndi KRAS, mtundu umodzi wa RAS, yosinthika, ndipo pofika mu 2008 zinali zitatsimikizika kuti mankhwala otseka EGFR monga cetuximab sawathandiza. Masiku ano sayenera kuperekedwa asanayeze RAS.

Ndinene maganizo anga pano. Mankhwala a mtundu umenewu anatamandidwa mopitirira, ndipo chinachititsa ndi imatinib, amene anavomerezedwa mu 2001 pa khansa ya m'magazi yotchedwa CML. Kumeneko piritsi limodzi patsiku limasunga odwala ambiri kwa zaka makumi, chifukwa matendawo akapezeka msanga amakhala akuyendetsedwa ndi kinase imodzi yokha, maselo ake asanasiyanesiyane kwambiri. Anthu anayembekezera kuti khansa zonse zidzatero. Khansa ya m'mapapo imene yafalikira siitero. Mapiritsi amaigwira, nthawi zina kwa zaka, koma kawirikawiri saithetsa, ndipo banja liyenera kuuzidwa zimenezi pa tsiku loyamba, osati pa tsiku la sikani yoipa. Komabe miyezi imene munthu akudya, akuyenda ndi kugona kunyumba kwake si yochepa, ndipo T790M ili ndi mankhwala ake.

Mankhwalawo ndi osimertinib, amene anavomerezedwa koyamba mu 2015. Anapangidwa kuti alowe m'kathumba kosinthika kaja, ndipo akalowa amadzimangirira pa amino acid ya cysteine pa nambala 797 osachokanso, choncho ATP singawatulutse. Pa kafukufuku wa odwala a T790M amene mapiritsi oyamba anasiya kuwagwira, amene analandira osimertinib matenda anaima kwa miyezi pafupifupi 10, pamene a chemotherapy anaima miyezi 4 ndi masabata ochepa. Amalowanso bwino mu ubongo, kumene khansa ya mtundu uwu imakonda kuthawira. Ataperekedwa kuyambira pachiyambi, anaimitsa matenda kwa miyezi 18.9 poyerekeza ndi 10.2 ya gefitinib kapena erlotinib, n'chifukwa chake kumene amapezeka ndi amene amayambira tsopano. Nawonso pamapeto pake amagonja, nthawi zina chifukwa cysteine uja wasintha, nthawi zina chifukwa cha MET.

Za inu ndi ana anu, mtima ukhale m'malo. Jini ikasintha sindiye kuti ndi za kumtundu. Kusintha kwa EGFR kwa amayi kunachitika m'selo limodzi la m'mapapo iwo atabadwa kale, ndipo kuli m'chotupa mokha. M'maselo ena onse a thupi lawo, kuphatikizapo amene anakupatsirani pobadwa, EGFR ili bwinobwino. Ofufuza a gulu la Charles Swanton ku London anafalitsa mu 2023 kuti anapeza maselo a EGFR yosinthika m'zidutswa pafupifupi 18 mwa 100 za mapapo opanda khansa, ndipo anasonyeza mwa mbewa kuti fumbi losaoneka ndi maso la mumpweya woipa limatupitsa mapapo n'kudzutsa maselo oterewa. Ndiye kuti kusinthako pakokha sikukwanira kuyambitsa matenda. Alipo mabanja ochepa kwambiri amene amabadwa ndi T790M. Madokotala amawakayikira T790M ikapezeka munthu asanamwepo mapiritsi alionse, kapena ngati abale angapo osasuta fodya adwalapo khansa ya m'mapapo. Ngati kwanu zilipo zotere, auzeni adokotala.

Mukapita kukaonana ndi adokotala a amayi, funso loyamba likhale lakuti chotupa chiyezedwenso. Zotsatira za chaka chatha zikufotokoza maselo amene ambiri anafa kale. Njira yosavuta ndi kuyeza magazi, chifukwa maselo a khansa akamafa amataya tizidutswa ta DNA m'magazi ndipo T790M ikhoza kuonekera mmenemo. Magazi akasonyeza kuti ilipo, ndi zokwanira. Akasonyeza kuti palibe, musakhutire nazo, chifukwa zotupa zina zimataya DNA yochepa kwambiri; pamafunika kudula kachidutswa pamalo amene akukulawo. Kachidutswako kali ndi ubwino winanso: ndi kokhako kamene kangaonetse ngati maselo asanduka small cell, imene chithandizo chake ndi chemotherapy ya mtundu wina. T790M ikapanda kupezeka konse, njira yodziwika ndi chemotherapy ya platinum pamodzi ndi pemetrexed, ndipo musaione ngati kubwerera m'mbuyo. Imagwira ntchito pa khansa imeneyi. Funsaninso ngati chotupa chikukula pamalo amodzi kapena ambiri. Pakakhala pamodzi kapena pawiri, madokotala nthawi zambiri amawotcha pamenepo ndi cheza n'kupitiriza mapiritsi omwewo, poti kwina konse akugwirabe. Amayi akayamba kudandaula mutu wosatha, kusanza m'mawa, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kufooka mbali imodzi, nenani msanga kuti aunike ubongo.

Tengani mankhwala onse amene amayi akumwa, ndi ogula okha omwe, mukawaonetse. Mankhwala a chilungulira ochepetsa asidi m'mimba, monga omeprazole, amachepetsa gefitinib wolowa m'magazi. Rifampicin wa TB ndi mankhwala ena a khunyu monga phenytoin ndi carbamazepine amachititsa chiwindi kumuphwanya msanga. Apa pokha ndi pamene tinganene kuti vuto lili m'thupi osati m'chotupa, ndipo n'zokonzeka.

Pakadali pano amayi asasiye mapiritsi paokha poganiza kuti atha ntchito. M'chotupamo mukadali maselo ambiri akale amene gefitinib akuwapanikizabe, ndipo akasiyidwa mwadzidzidzi ena mwa odwala matenda amawayaka m'masiku ochepa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Apitirize kumwa limodzi patsiku mpaka adokotala atanena tsiku losinthira ku chithandizo chatsopano.